Ambulansi Yathu Ili Kuti, Achimwene?

Kumudzi, kufupi ndi Nayuchi
14 Juni 2021

Achimwene a Sadiki,

Asalamu aleikumu. Muli bwanji ku Pitoliyako ndi kuzizira kumene timamva? Ife kuno tilipo. Mpunga tamaliza kupuntha, sunachite bwino ngati chaka chatha koma sitikudandaula.

Musadabwe kuti ndalemba kalata. Amayi akuti pa foni mawu anu amangodukaduka, ndipo mukangotseka basi zathera pomwepo, pamene kalata ndikhoza kuwawerengera kawiri katatu. A Chande, aja amanyamula katundu wa anthu a ku Joni, avomera kuti azitinyamulira akamadutsa pa Liwonde.

Amayi kuthamanga kwa magazi kuja sikukuwasiya. Mapilisi akumwa, koma masiku ena amadzuka mutu ukulemera, maso akuona mdima. A Kumbu, anamwino a pachipatala chathu chaching'onochi, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti tsiku limene adzagwe tisadzataye nthawi, tidzathamangire nawo kuchipatala chachikulu ku Liwonde. Ndinawafunsa kuti pa chiyani, poti ambulansi yakale ija inafa kalekale, ili pa miyala kuseri kwa chipatala, nkhuku zikuikira mazira m'kati.

Ndiye nkhani yabwino ndi iyi. Bungwe lina lothandiza latigulira ambulansi yatsopano, ndipo akuti ifika mu Ogasiti. Komiti ya chipatala yasankha amuna anga, alamu anu a Akimu, kuti ndiwo adzayendetse. Asiya kale zokagula nsomba ku Mozambiki, akuti munthu wa ntchito ya chipatala asamasowe pamudzi. A Kumbu akuti galimotoyo ikuchokera ku South Africa, ndipo ndi mtundu womwewo wa mapikapu amene mumapanga kufakitale kwanuko.

Achimwene, mukanawaona amayi atamva zimenezi. Lachisanu anauza azimayi onse a kumzikiti kuti mwana wawo ndi amene akumanga ambulansi ya mudzi uno. Akuti ndikuuzeni kuti mumange bwinobwino, mabawuti mulimbitse, chifukwa msewu wa ku Nsanama mukuudziwa nokha.

Ngati mungathe mutumize bulangete, lawo lija latha.

Ine mlongo wanu,
Fauziya


Pitoliya
8 Ogasiti 2021

Fauziya,

Waaleikumu salamu. Kalata yako ndinailandira, ndipo ndinaseka ndekha pa nkhani ya mabawuti. Uwauze amayi kuti ine ntchito yanga ndi yoika mipando basi. Galimoto imodzi imadutsa m'manja mwa anthu ambirimbiri, ndipo palibe amene amatiuza kuti iyi ikupita kuti. Mwina ambulansi yanuyo ndi ya fakitale yathu, mwina ndi ya kwina. Sindikudziwa.

Pali chinthu chimene ndikufuna umvetse, kenako uwafotokozere amayi ndi alamu pang'onopang'ono. Magalimoto a masiku ano ali ndi kachipangizo kakang'ono m'kati, kuno amakatcha tchipu. Kukula kwake ngati chikhadabo. Ndi kamene kamauza injini kuti imwe mafuta ochuluka bwanji, kamauza mabuleki, kamauza magetsi. Popanda iko ukapotokola kiyi palibe chimene chimachitika. Timatchiputi sitipangidwa kuno, timachokera kumayiko akutali a ku Asia. Nthawi ya korona mafakitale ake anatseka, ndipo atatsegula, opanga mafoni ndi makompyuta anali atalanda kale tonse. Panopa dziko lonse lili pa mzere.

Ndiye ife timamanga galimoto yonse, mipando, magalasi, matayala, penti, kenako amaikoka n'kukaiimika kubwalo lalikulu kuseri kwa fakitale. Bwalolo ladzaza. Ukaima pa mpanda suona pamene mzere wathera, magalimoto onse atsopano, onse osayenda. Udzu wayamba kumera pakati pake.

Chifukwa cha zimenezi atichepetsera masiku a ntchito. Sabata zina timapita, zina amatiuza kuti tikhale kunyumba, ndipo ukakhala kunyumba sulandira. Bulangete ndawapatsa a Chande. Zina zimene ndimatumiza mwezi uno sindikwanitsa, ndawauzanso alamu ako, amayi a Tikondane, ku Phalula zomwezi.

Alamu a Akimu afulumira kusiya nsomba. Ogasiti uno sindikukhulupirira kuti kufika kanthu.

Mchimwene wako,
Sadiki


Kumudzi
19 Okutobala 2021

Achimwene,

Asalamu aleikumu. Bulangete linafika, amayi athokoza, ngakhale lafika kutentha kutayamba.

Kalata yanu ndinawawerengera onse pakhonde. Kunena zoona palibe amene anamvetsa. Amalume a Abdulrahim anati iwo anakwera malole moyo wawo wonse ndipo sanamvepo kuti galimoto yalephera kuyenda chifukwa cha chinthu chonga chikhadabo. Anyamata a pa Nsanama nkhaniyi anaimva mwa a Akimu, ndiye panopa akawaona amawafunsa kuti, "Adalaivala, galimoto ija yadya tchipisi chake?" A Akimu amaseka nawo, koma akafika kunyumba amangolowa kukagona.

Ogasiti wadutsa, Seputembala wadutsa. A bungwe aja anabwera n'kuuza komiti kuti iwo analipira kale, ogulitsa magalimoto ku Blantyre nawonso akungodikira, mwina Disembala. Mawu ake ndi omwe aja munalemba inu.

Mupeza kanthu kokulunga m'pepala m'kati mwa envulopuyi. A Akimu anapita kwa munthu wokonza mafoni ku Liwonde, n'kumufotokozera zonse. Iye anachotsa kameneka mu foni yakufa, akuti ndi tchipu ndithu. A Akimu akuti mukawaonetse mabwana anu, ngati kangakwane aike mu galimoto imodzi yokha, yathuyo. Ine ndinawauza kuti sizingakhale zophweka choncho, koma anati kuyesa sikulakwa.

Sabata yatha amayi anachita chizungulire ali pachitsime. Anakhala pansi, mkono wamanzere unachita dzanzi mpaka madzulo. A Kumbu anawaonjezera mapilisi.

Amayi akuti mulankhule ndi bwana wamkulu. Akuti munthu ukagwira ntchito zaka zonsezi pamalo amodzi sangakukanize chinthu chimodzi. Mumuuze kuti mayi anu akudwala.

Ndinenenso ichi, musakwiye. Kuno anthu akulankhula. Akuti fakitale yaikulu ngati imeneyo singaime, ndiye kuti mwapeza banja lina kumeneko n'chifukwa chake dzanja lanu lafupika. Ine sindikuvomereza, koma mukudziwa kuti nkhani ikafika pachitsime imakafikanso ku Phalula.

Fauziya


Phalula
21 Novembala 2021

Bambo a Tikondane,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife tili bwino, Tikondane walemba mayeso ndipo akuti sanavute. Munda ndalima, ndikudikira mvula. Tomato wa pamsewu akutithandiza pang'ono.

Ndayesa kuimba foni yanu kangapo koma sikulowa, n'chifukwa chake ndatsata njira ya alamu anga ya kalata.

Zimene anthu akunena zinandipeza. Sindikufunsani. Ngati n'zoona mudzandiuza nokha, ngati si zoona palibe choti tikambirane. Chimene ndalembera ndi apongozi.

Ndinapita kukawaona. Kuchokera pa Nsanama ndinakwera njinga yamoto, ndipo ndinafika msana ukuwawa, chonsecho mvula sinayambe. Apongozi achepa thupi. Akamalankhula mbali imodzi ya pakamwa imatsalira pang'ono. Fauziya akuti iye sakuona chifukwa amakhala nawo tsiku lililonse, koma ine ndinaona nditangolowa.

Ndinawapempha kuti abwere adzakhale kuno mpaka mvula itatha. Nyumba yathu ili pafupi ndi tala, minibasi zimadutsa tsiku lonse, chipatala cha ku Balaka si patali. Ndinawauza kuti chipinda cha Tikondane ndiwakonzera, miphika yawo ndiwagulira yatsopano kuti asakayike kanthu pa zakudya, ndipo pa Phalula pali mzikiti.

Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwanangu, mtima wako ndauona. Koma ndikakafera kwa eni, adzandisambitse ndani? Adzandiveke sanda ya kumanda ndani?"

Ndinati, "Amayi, sitikukamba za kufa, tikukamba zoti mukhale pafupi ndi chipatala."

Iwo anati, "Chipatala chikubwera chokha pakhomo pano. Sadiki akumanga galimoto. Ndichoke bwanji ine mayi wake, anthu adzailandire ndili kwina?"

Fauziya anayesa, amalume a Abdulrahim anayesa, koma ayi. Ine ndine mpongozi chabe, komanso wa mpingo wina, sindingawakoke. Munthu mmodzi yekha amene angamumvere ndi inu. Alembereni, muwauze mosabisa kuti galimotoyo isawasunge kumudzi. Mufulumire, mitambo yayamba kale kusonkhana.

Ine mkazi wanu,
Lilian


Pitoliya
12 Disembala 2021

Fauziya,

Asalamu aleikumu. Kalata iyi uwawerengere amayi yonse, usadumphe mawu ngakhale amodzi.

Amayi, ndine Sadiki mwana wanu. Ambulansi ija sindikumanga ine. Sindinaione, sindikudziwa ngati ilipo, ndipo sifika mvula ino. Chonde pitani ku Phalula mukakhale ndi mpongozi wanu mpaka msewu uume. Mukapita mwandichitira ine. Galimotoyo ikadzafika Fauziya adzakutengani mudzaione. Ndikukupemphani m'dzina la Allah, nyamukani sabata yomwe ino.

Tsopano iwe Fauziya. Ntchito inatha kumayambiriro kwa Novembala. Ife olembedwa kudzera mwa kontilakita ndife amene anayamba kutichotsa, akuti adzatiitana matchipu akadzafika. Foni ndinagulitsa kuti ndisatulutsidwe m'chipinda. Panopa ndimaima pamphambano m'mawa ndi anzanga, wina akafuna womuthandiza kunyamula njerwa kapena kudula udzu amatitenga. Banja lina limene akunenalo ndi limeneli. Lilian ndamulembera payekha.

Usaganize kuti sindinayese. Ndisanachotsedwe ndinapita kwa kapitawo wathu, n'kumufotokozera za amayi ndi za msewu wa kwathu. Ndi munthu wabwino, anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako ananditengera pawindo n'kundilozera bwalo lija. Anati m'menemo muli magalimoto a apolisi, a zipatala, a alimi, ndipo iliyonse ili ndi munthu amene akulira kwinakwake. Anati ngakhale bwana wamkulu sangachite kanthu, nayenso m'mawa uliwonse amaimba foni kutsidya la nyanja kupempha ngati mmene ndikupemphera inemu.

Kanthu ka alamu kaja ndinamuonetsa. Sanaseke. Anakatembenuza pa chikhatho, n'kunena kuti ndi tchipu zoona, koma ka foni, sikangalankhule ndi injini. Uwauze alamu kuti ndathokoza, ndipo abwerere ku nsomba.

A Chande ananyamuka kale, ndiye kalatayi ndapatsa mnzawo amene akunyamuka mawa. Ukangoilandira yambani kumanga katundu wa amayi.

Sadiki


Kumudzi
3 Febuluwale 2022

Achimwene,

Amayi anatisiya Lachiwiri sabata yatha. Tinawaika tsiku lotsatira, pafupi ndi abambo.

Ndikulemberani zonse mmene zinayendera, chifukwa simunalipo ndipo foni yanu sitikudziwa kuti inalowa kuti.

Mvula ya namondwe ija inagwa osalekeza, madzi anadzaza m'madambo monse. M'mawa wa tsikulo inadukiza pang'ono, amayi anatuluka kuti akamasule mbuzi. Ndinamva mbuzi zikulira mosiyana ndi masiku onse. Nditatuluka ndinawapeza atagona chammbali m'matope, chingwe chili m'manja. Maso anali otsegula, ankandiona, koma mawu osatuluka.

A Akimu anathamangira a Kumbu. Iwo atafika anawabaya jakisoni n'kunena kuti, "Apa ine ndafika pamapeto. Liwonde, pompano."

Anaimba kuboma kupempha ambulansi. Anawayankha kuti imene ilipo yapita kukatenga mayi woyembekezera mbali ina, ikabwerako ibwera, koma ifika pokhapo pamene msewu ukulola. Sitima ya pamtunda yopita ku Liwonde tsiku limenelo kunalibe. Tinapeza wa njinga yamoto, koma amayi sakanatha kukhala tsonga. Tinayesa kuwakhazika pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira ndi chitenje, koma tisanatuluke m'mudzi tinagwa kawiri.

Ndiye amuna anazula chitseko cha nyumba yanu ija, tinayalapo bulangete, n'kuwanyamula pamapewa. Anthu anatuluka ambiri, achimwene, Asilamu ndi Akhristu omwe, ankasinthana osauzidwa. Pa kamtsinje kaja kamene timadumpha chilimwe madzi anali m'chifuwa. Anawolotsa chitsekocho atachikweza pamwamba pa mitu. A Akimu sanalole kusinthidwa njira yonse, mapewa awo mpaka lero ndi zilonda.

Ine ndinkayenda pambali nditagwira dzanja lawo lamanja, limene linali likugwirabe. Nthawi ndi nthawi ankandifinya. Dzuwa litapendeka, tikuona kale mitengo ya ku Nsanama, ndinazindikira kuti papita nthawi osandifinya. Amalume anauza anthu kuti atsitse. Anaika khutu pachifuwa, kenako anawatseka maso n'kuyamba pemphero la dua.

Tili chikhalire m'mbali mwa msewu, ambulansi ya kuboma ija inatulukira, matope mpaka m'magalasi. Dalaivala anatsika, anaona, anavula chipewa. Anatipepesa, ife tinamuuza kuti palibe chimene walakwa. Tinatembenuka ndi chitseko chathu kubwerera kumudzi.

Alamu a Lilian anafika maliro ataikidwa kale chifukwa cha madzi, koma akhala nafe mpaka dzulo.

Achimwene, kuyambira Okutobala mwangoti zii. Alamu a Lilian anakupemphani kuti mulembe mawu awiri okha oti amayi apite ku Phalula. Akanakumverani. Mpaka sabata yomaliza ankandituma kuti ndikafunse ngati a Chande abweretsa kalata. Kaya chimene chakugwirani kumeneko n'chiyani, ine sindikudziwa ngati ndidzathe kukuyang'anani kumaso.

Fauziya


Kumudzi
17 Febuluwale 2022

Achimwene,

Kalata yanu ya Disembala yafika lero.

Waibweretsa munthu amene sindikumudziwa. Akuti lole yawo inafera m'njira ku Tete, inakhala kumeneko kudikira sipeya, kenako milatho inavuta ndi madzi. Katundu wa anthu anasamutsira m'galimoto ina, koma chikwama cha makalata chinatsalira kuseri kwa mpando. Anapepesa kwambiri. Ndinamupatsa madzi akumwa, n'kumuperekeza.

Munati ndiwawerengere amayi yonse osadumpha mawu. Ndinakhala nayo pakhonde nthawi yaitali. Kenako ndinaitana amalume ndi a Akimu n'kuwawerengera iwowo. Amalume atamva zoti mumaima pamphambano anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Kalata yanga ya pa 3 inanyamuka kale, sindingaibweze. Mawu a kumapeto aja muwafufute, achimwene. Ndinalemba ndisakudziwa.

Alamu a Lilian yawonso yafika limodzi ndi inoyi, ndawatumizira ku Phalula.

Sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi chimwalirire amayi, tidzachita kumayambiriro kwa Malichi. Tikudziwa kuti simungabwere, musadzivute. Mpunga ulipo, mbuzi ilipo.

A bungwe anabweranso. Akuti mwina Juni.

Fauziya


Pitoliya
24 Epulo 2022

Fauziya, mlongo wanga,

Asalamu aleikumu. Ramadhani ikuyenda bwanji kumeneko? Makalata ako awiri a Chande anandipatsa tsiku limodzi. Uthenga wa maliro unali utandipeza kale kudzera mwa mnyamata wa ku Ntaja amene timapemphera naye, koma mmene zinayendera ndinamva mwa iwe. Palibe choti ndifufute. Unalemba zimene unaona, ndipo unali wekha pamene ine ndinayenera kukhalapo. Uwathokoze alamu a Akimu ndi onse amene ananyamula. Kumzikiti kuno tinawachitira dua.

Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkati ndikagwira cholembera mawu osabwera.

Anatiitananso kuntchito mwezi uno, koma osati ku mipando. Matchipu ayamba kufika pang'onopang'ono, ndiye ife atipatsa ntchito ya kubwalo kuja. Timadula udzu, timapopa matayala, timachotsa zisa za mbewa, timasintha mabatire amene anafa chiimire. Tikamaliza amabwera amisiri ndi kabokosi kachitsulo kokhala ndi tchipu m'kati, kabokosi koti ukhoza kuika m'thumba la malaya. Amatsegula pansi pa chiwongolero, amalumikiza, amamanga timabawuti, amayesa ndi kompyuta. Madzi a tiyi sangawire n'komwe iwo atamaliza. Ndiye amandiuza kuti, "Liza."

Tsiku loyamba ndinapotokola kiyi, galimoto inalira nthawi yomweyo, ngati sinaimepo. Ndinakhala m'menemo manja ali pachiwongolero, osatha kuponda. Mmisiri anagogoda pagalasi kundifunsa ngati pali chavuta. Ndinati palibe. Anati ndiye ndiyendetse, kumbuyo kuli ena.

Magalimoto onse ndi oyera, Fauziya, onse ofanana. Pagalasi pamakhala nambala yokha, palibe dzina la dziko. Iliyonse ndimaiyendetsa mpaka pageti pamene pamaima malole oinyamula, ndimatsika, ndimabwerera wapansi kukatenga ina.

Akuti ntchitoyi ikhalapo mpaka bwalo lithe, kupitirira apo sakudziwa. Lilian akufuna ndibwerere, akuti tomato ndi munda zikhoza kutisunga. Ndamuuza kuti ndibwera bwalo likatha. Ndidzatsikira ku Phalula, kenako tonse atatu ndi Tikondane tidzabwera kumudzi, amalume adzandiperekeze kumanda.

Chitseko chija musachibwezere pa nyumba yanga. Muchisunge kwa a Kumbu kuchipatala. Juni amene akunenayo ine sindikumukhulupirira, ndipo m'mudzimo okalamba ndi oyembekezera alipo ambiri.

Mchimwene wako,
Sadiki